Phazi linachotsedwa, nanga likuwawabe bwanji?

Funso: Akonzi, bambo anga anadulidwa mwendo m'munsi mwa bondo chifukwa cha matenda a shuga, ndipo chilonda chinapola. Koma usiku amadandaula kuti zala za phazi lomwe linachotsedwalo zikuwotcha, mwinanso amafuna kukanda chidendene chimene palibe. Abale ena akuti mutu wawo wayamba kusokonezeka. Kodi n'zoona?

Yankho: Bambo anuwo sakunama, ndipo mutu wawo uli bwinobwino. Anthu ambiri odulidwa mkono kapena mwendo amamvabe ngati chiwalocho chilipo, ndipo oposa theka la iwo amamva ululu pamenepo. Dokotala wa asilikali wa ku France, Ambroise Paré, analemba za vutoli m'zaka za m'ma 1500, kenako dokotala wa ku America, Silas Weir Mitchell, analifotokoza mwatsatanetsatane mu 1871 atasamalira asilikali ovulala pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America.

Munthu akaponda munga, khungu limangotumiza uthenga kudzera m'mitsempha, kudutsa mumsana mpaka ku ubongo, ndipo ubongowo ndi umene umagamula kuti uku ndi kuwawa komanso kuti kukuchokera kuphazi. M'zaka za m'ma 1930, dokotala Wilder Penfield wa ku Montreal ankachita opaleshoni anthu odwala khunyu iwo ali maso, popeza ubongo pawokha sumva kuwawa ukakhudzidwa. Akakhudza malo ena a ubongo ndi magetsi ochepa kwambiri, wodwala ankanena kuti akumva kunyerenyetsa pa chala chachikulu kapena pamlomo, chonsecho palibe amene wamukhudza pamenepo. Apa zinaoneka kuti chiwalo chilichonse chili ndi malo ake mu ubongo, ngati mapu a thupi lonse. Milomo ndi zala za m'manja zili ndi malo aakulu, pomwe msana uli ndi ochepa, n'chifukwa chake nsonga ziwiri zoyandikana zikakhudza khungu zimamveka ziwiri pachala koma imodzi pamsana.

Mwendo wa bambo anu unachoka, koma malo ake mu ubongo akadalipo. Mitsempha yodulidwa ija nthawi zina imapiringizana pachitsa cha mwendo n'kumatumiza uthenga payokha, ndipo ubongo umaulandira ngati wochokera kuzala, monga unkachitira moyo wawo wonse.

Chithandizo chilipo. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa za ubongo V. S. Ramachandran wa ku California anayamba kugwiritsa ntchito galasi kwa odulidwa mkono. Kwa odulidwa mwendo, wodwala amaliimika pakati pa miyendo, n'kumagwedeza phazi labwino akuyang'ana chithunzi chake, mpaka maso amauza ubongo kuti phazi losowa lija likuyenda momasuka. Njirayi imathandiza ena, ena ayi, koma ndi yosawononga ndalama ndipo ndi bwino kuifunsa kwa ophunzitsa odwala mafizo. Madokotala alinso ndi mankhwala a ululu wa m'mitsempha, osiyana ndi opha ululu amene timagula tokha, amene kawirikawiri sathandiza kwenikweni pa vutoli.

Chonde pitani nawo kuchipatala, akafotokoze nthawi imene ululu umayamba ndi mmene umamvekera. Popeza ali ndi shuga, muziona chitsacho tsiku lililonse, ndipo mukaona kutupa, kutentha kapena mafinya musazengereze. Abalewo muwauze asiye kuwakayikira, chifukwa nkhawa ndi kusowa tulo zimakulitsa ululu umenewu.