Tiyi wa slimming ameneyo musagule achemwali

Achemwali, ndaona post yanu ija mwati mukumwa metformin, mankhwala a matenda a shuga, ndipo mukufunsa za tiyi wochepetsa thupi. Tiyi ameneyu ine ndikangomva mtima umanyamuka, nde pepani ndilemba zambiri. Ine ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu, katundu ndimakapikula ku Tsangano, moyo wa pamsika mukuudziwa, mmawa mandasi ndi tiyi wa shuga wambiri, masana chipisi cha pachiwaya ndi Fanta, tsiku lonse uli chikhalire kudikira magalimoto aime. Thupi linabwera, anthu nkumati geni ikuyenda, apongozi kunyada kuti mwana wawo amadziwa kusamala mkazi. Kuchipatala atandiyeza shuga wa mmagazi ndisanadye kanthu makina anapitirira 126 ija amati ndi malire a matenda a shuga, nkundiyambitsa metformin ngati inuyo.

Nde kunabwera mayi wina wa ku banki mkhonde kwathu ndi timapaketi take ta tiyi ameneyu, pakamwa potsekemera, akuti mapilisi akuchipatala amapha impso, siyani, uyu amasungunula mafuta ndi shuga yemwe. Ndinagula nkusiya mapilisi, ndalama yogulira inali ya ngongole ya gulu lomwelo. Tiyi uja ndi mankhwala otsegula mmimba basi, sikelo inatsikadi koma anali madzi akutha mthupi. Tsiku lina msika uli wodzaza, dzuwa lili paliwombo, ndamwa chigubu chonse cha madzi ludzu osatha, kuchimbudzi cholipira chija ndapita mpaka mnyamata wapakhomo anasiya kundilipiritsa, maso achita chifunga moti kasitomala akundipatsa ndalama ine kulephera kuona kuti ndi K1000 kapena K2000. Ndinadzuka kuti ndimuthirire mbatata mthumba miyendo inangokana, ndinagwera pamulu wa kabichi, chitenje chitanyowa, anthu atandizungulira, ena akujambula pafoni, wina akukuwa kuti amulodza anzake apamsika, palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza za shuga. Ananditengera kuchipatala pa kabaza wa njinga yamoto mnzanga atandigwira kumbuyo kuti ndisagwe, ndinakazindikira bwino ndili pa drip. Mayi uja atabwera kudzandiona mukudziwa ananena chani? Akuti thupi limatulutsa zoipa, mukanapirira pang'ono. Mxiii. Mpaka lero amakhala kutsogolo pa misonkhano ndi chikwama chake, ngongole ndinabweza ndekha ndi chiwongola dzanja chomwe.

Amene ananditsegula mutu ndi mwana wa achimwene anga akuphunzira ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Akuti pamwamba pa selo iliyonse ya mthupi pali tizinthu tolandira uthenga, ma receptor. Ukadya, kapamba amatulutsa insulin, insulin akakhudza receptor yake selo ya mnofu imakankhira pamwamba kanthu kena kotchedwa GLUT4 kamene kamalowetsa shuga mkati. Koma mafuta apamimba akachuluka maselo amafuta amafufuma ena nkumafa, asilikali a mthupi otchedwa macrophage amakhamukira kumeneko nkumatulutsa zinthu ngati TNF-alpha, nde kumakhala kutupa kwa mkati kosaoneka, kosawawa, koma kosatha chaka ndi chaka. Kutupa kumeneko ndi kumene kumasokoneza uthenga wa insulin, iye akuimba foni koma selo ili kopanda netiweki, shuga nkumangozungulira mmagazi kuononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Za TNF zi akuti anaziona mu 1993 pa mbewa zonenepa, ife a ku Ntcheu mbewa timangodziwa kuwamba anzathu akuchita nazo kafukufuku kkkk. Palinso leptin, anamutulukira mu 1994, amachokera mmafuta momwemo kukauza ubongo kuti zakwana siya kudya, koma kwa ife onenepa leptin amakhala wambiri ubongo osamumva bwino. Nde amene amatinena kuti ndife osusuka aja akhale chete kaye. Tsono tandiuzeni, tiyi wongokuthamangitsa kuchimbudzi angakafike bwanji pa receptor?

Chimene chinandisangalatsa nchakuti minofu ikamagwira ntchito GLUT4 uja amakwera pamwamba pa selo ngakhale insulin asanamveke. Kuyenda ndawala, kulima, kukatunga madzi, zonsezo ndi mankhwala, azaumoyo amati mphindi 150 pa sabata. Ndipo sikuti mpaka muonde ngati mtsikana ayi, kungochotsa makilo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse shuga amayamba kumvera. Sikelo musaiwerengere kwambiri, tengani tepi ya atelala muyeze mchiuno, kwa ife amayi akuti kupitirira masentimita 80 ndi chenjezo, ine changa chikadali chopitirira kwambiri koma ndikuyenda.

Metformin musasiye chonde, imwani pamodzi ndi chakudya chifukwa masiku oyamba amavutitsa mmimba. Zakumwa zotsekemera tayani, thobwa la shuga lomwe. Zitsamba za anthu oyendayendawa ayi ndithu, ngakhale ine chammwamba ndimathira mndiwo, chimenecho ndi masamba sichiwerengedwa. Nsima musamvere onena kuti musiyiretu, munthu wa ku Ntcheu angagone bwanji osadya nsima, ine ndimadya ya mgaiwa mtanda umodzi, bonongwe kapena mpiru wambiri ndi nyemba, ndipo Loweruka chipisi ndimalawabe, sindinganame. Mukayamba kuchepa thupi konzekani, apongozi omwe ankanyada aja ndi amene anayamba kunong'ona kuti kapena ndili ndi kachilombo, musawayankhe. Komanso dzanzi la kuphazi mwatchula kumapeto kwa post yanu lija, adokotala munawauza? Musadikire tsiku la kiliniki, pitani mawa akaone mapaziwo.