Kujambula a zisudzo pa rihesalo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake zithunzi zanu zikumatuluka zogwedezeka mukamajambula a zisudzo pa rihesalo. Vuto ndi kuwala, mu holo mumakhala mdima ndiye kamera ikakhala pa auto, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) imachedwa kutseka pomwe munthu wasuntha kale. Ikani pa manual, liwiro la shutter lisachepere 1/250 ya sekondi, akamavina kaya kumenyana kwezani mpaka 1/500, ndipo ISO (yomwe imawalitsa chithunzi mu mdima koma ikakwera imabweretsa timadontho) musaiope, 1600 olo 3200 ili bho, bola chithunzi cha timadontho kusiyana ndi chogwedezeka. Ngati muli ndi lenzi ya 50mm f/1.8 ndiye yake imeneyo, imalowetsa kuwala kwambiri.

Flash yokha ayi chonde, imabalalitsa anthu mpaka kuiwala mawu komanso imapha mitundu ya magetsi a pasiteji. Muyambe mwaonera sewerolo kamodzi osajambula kuti mudziwe pomwe mayi wa m'sewero amalira, pomwe mfumu imakalipa, ulendo wachiwiri muzingodikirira pomwepo chala chili pabatani. Zabwino zenizeni zimatuluka pa rihesalo yomaliza atavala zovala za m'sewero. Musanaponye pa Facebook mupemphe kaye kwa dairekita ndi eni nkhopezo, makamaka akakhala ana asukulu.