Tsiku la masewera a patebulo ku Luchenza: tilipiritse zingati pakhomo?

Kalata yabwera pa imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Luchenza. Ali ndi kagulu ka anyamata ndi atsikana 12 kamene kamakumana Loweruka kusewera Dungeons & Dragons, masewera aja amene mmodzi amatsogolera nthano, ena onse aliyense nkukhala munthu wa m'nthanomo, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chomwe wayesa chatheka. Akufunsa kuti: "Tikufuna kukonza tsiku lalikulu, tiitane anzathu a ku Chitakale, ku Bvumbwe ndi ku Limbe. Tilipiritse zingati pakhomo kuti tisatsale ndi ngongole? Nanga misonkhano ikuluikulu yakunja ija ndalama imazipeza bwanji?"

Zikomo aphunzitsi. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene litsegule loyamba.

Msonkhano wotchuka wa masewerawa ku America ndi Gen Con. Unayamba mu 1968 m'katauni ka Lake Geneva, ku Wisconsin. Gary Gygax, yemwe mu 1974 anadzatulutsa Dungeons & Dragons pamodzi ndi Dave Arneson, anachita lendi holo pa madola 50 nkulipiritsa dola imodzi pakhomo. Kunabwera anthu 96. Ndiye kuti atangolowa munthu wa nambala 50, ya holo inali itakwana. Kuyambira 2003 msonkhanowu umachitikira ku Indianapolis, umatenga masiku anayi, ndipo mu 2023 kunafika anthu oposa 70,000. Wakula zedi, koma masamu ake sanasinthe. Ndalama zimalowera makomo atatu: chiphaso cholowera, tikiti ya mpando pa tebulo lililonse lomwe munthu akufuna kusewerapo, ndi lendi ya malo imene amalipira ogulitsa mabuku, madayisi ndi zina. Chomwe sichioneka m'kaundula wa ndalama ndi thukuta la otsogolera nthano. Ambiri ndi ongodzipereka, ndipo amene watsogolera maola okwanira amathokozedwa ndi chiphaso chaulere. Akanati azilipidwa ngati antchito, tikiti ikanadula kwambiri.

Pamenepa ndi pomwe ndikufuna muikepo mtima. Kukula kwa tsiku lanu sikudzatengera kukula kwa holo. Kudzatengera kuti muli ndi anthu angati otha kutsogolera nthano kwa maola anayi osatopetsa osewera. Tebulo limodzi limayenda bwino ndi osewera anayi kapena asanu. Akafika asanu ndi awiri, aliyense amadikira nthawi yaitali kuti ayankhule, ena nkuyamba kugwira mafoni. Ngati pa ana anu 12 otha kutsogolera ndi atatu, inuyo wachinayi, muli ndi mipando 20 basi, ngakhale mutabwereka holo ya ukwati. Choncho werengani otsogolera poyamba, kenako mipando, malo pomaliza. Ndipo musunge wotsogolera mmodzi wapadera amene wawerenga nthano zonse, chifukwa maliro sapangana tsiku.

Tsopano masamu. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza, muikemo yanu. Gawani ndalama zotuluka pawiri. Pali zimene mudzalipire ngakhale kubwere anthu atatu okha: malo, mayendedwe a katundu, mabandulo olengezera. Ndiye pali zimene zimabwera ndi tebulo lililonse: chakudya ndi thiransipoti ya wotsogolera, mapepala, mapensulo. Zoyambazo zilipiridwe ndi ndalama ya pakhomo, zachiwirizo ndi ndalama ya mpando. Mukaziphatikiza m'thumba limodzi simudzadziwa pomwe padontha.

Tinene kuti holo ndi K60,000, matebulo ndi mipando yobwereka K20,000, galimoto yonyamula K20,000, kulengeza K10,000. Zonse K110,000, muwonjezepo K10,000 ya zogwa mwadzidzidzi, K120,000. Ngati anthu 36 anena kuti abwera, musagawe ndi 36. Werengerani awiri mwa atatu alionse, ndiye kuti 24. Aliyense afunika kulipira K5,000, ndipo mwana wa sukulu amene walipira kale minibasi kuchokera ku Bvumbwe sangaikwanitse. Yesani njira ina: makalasi awiri pa sukulu tsiku Loweruka, K20,000 yothokozera komiti ndi mlonda, madesiki alimo kale, palibe chonyamula. Ndi kulengeza ndi ya mwadzidzidzi ija zakwana K40,000, ndipo pa anthu 24 omwewo K2,000 pakhomo ikukwanira nkutsalako K8,000. Ine ndingasankhe makalasi ngakhale ndalama ya holo ikanakhalapo. Masewerawa ndi a pakamwa ndi khutu. Matebulo asanu mu holo imodzi, aliyense amayamba kukuwa kuti amveke, ndipo pofika masana otsogolera mawu atha. M'kalasi imodzi muike matebulo awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo. Madesiki awiri oyang'anizana amapanga tebulo labwino.

Za tebulo nazo zili motere. Nkhomaliro ndi kabaza ya wotsogolera K5,000, fotokope ndi mapensulo K2,500, zonse K7,500. Osewera asanu, aliyense K1,500, zakwana ndendende. Koma akakhala atatu, tebulolo labweretsa K4,500 ndipo mwataya K3,000. Tebulo lili ngati minibasi: kaya yadzaza kaya muli anthu atatu, mafuta imamwa omwewo. Muike lamulo lakuti tebulo silinyamuka osewera asanakwane anayi, otsalawo agawidwe ku matebulo ena. Wotsogolera amene tebulo lake lathetsedwa adyebe nkhomaliro yake, akhale wosewera kapena athandize pakhomo. Wotsogolera asalipire ya pakhomo. Wathera madzulo angapo akuwerenga nthano ndi kujambula mapu, ndipo mukamulipiritsa chaka chamawa sadzabwera.

Zipangizo siziyenera kukudyerani ndalama. Malamulo oyambira a Dungeons & Dragons anatulutsidwa mwaulere pa intaneti mu 2014, ndipo ndi okwanira tsiku lotere. Madayisi amabwera asanu ndi awiri pa seti: la mbali 4, la 6, la 8, awiri a 10, la 12 ndi la 20. Seti imodzi ikwanira tebulo lonse. Ikasowa, la mbali 6 mutenge la Ludo, ndipo m'malo mwa la 20 tolani zitsekerero 20 za mabotolo, mulembe manambala mkati ndi maka, muziike m'kachikwama kansalu. Wosewera apise dzanja osayang'ana, atulutse chimodzi, awerenge, achibweze, wotsogolera akhutchumule. Anthu a m'nthano muwakonzeretu pa mapepala, tsamba limodzi munthu mmodzi. Mlendo mukamusiya kuti apange wake, ola lathunthu lipita nthano isanayambe.

Ndalama tolerani tsiku lisanafike. Mpando ukhale wa amene walipira pa Airtel Money kapena Mpamba, malire ake sabata imodzi tsikulo lisanakwane, ndipo powerengera musaiwale kuti potapa kwa ejenti amadulako. Wolephera kubwera asabwezeredwe, koma akhale ndi ufulu wopereka mpando wake kwa mnzake. Ndalama azigwira anthu awiri, wina wolandira wina wolemba malisiti, ndipo madzulo omwewo muwerengere pamaso pa gulu. Magulu ambiri amatha osati chifukwa chakuti wina waba, koma chifukwa palibe amene angathe kufotokoza komwe K10,000 yapita.

Zakudya musaphike nokha. Itanani amayi awiri ogulitsa mandasi, zitumbuwa ndi tiyi, ndi mnyamata wa chipisi, aliyense alipire kangachepe ka malo. Mukaphika nokha mpunga wa anthu 40 nkubwera 22, phindu lonse lathera mumphika. Pabwalo pansi pa mtengo muikepo bawo, drafuti ndi chesi. Izi sizifuna wotsogolera pa tebulo lililonse, woyang'anira mmodzi akwanira mabolodi asanu ndi limodzi, ndipo zimakoka anthu amene sanamvepo za masewera a nthano. Ena mwa iwo adzasuzumira m'kalasi.

Tsiku lisankhidwe mosamala. Mvula ya Januwale ikamamenya malata a kalasi yopanda siling'i, wotsogolera samveka ngakhale kwa amene wakhala naye pafupi. Miyezi ya Juni ndi Julaye kuli chiperoni, dzuwa limalowa msanga, komanso a Fomu 4 amakhala pa mayeso. Mu Okutobala pewani sabata ya mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, magalimoto amsewu umenewo amadzaza. Loweruka loyamba anthu atangolandira malipiro ndiye labwino. Chigawo choyamba chiyambe 8 koloko mpaka 12, chachiwiri 1 koloko mpaka 4, cha nthano yaifupi, kuti atsikana ndi ochokera kutali afike kwawo kusanade. Konzani zonse ngati kuti magetsi kulibe.

Pali china chimene a ku Indianapolis sada nacho nkhawa koma inu muyenera. Kholo likaona madayisi ndi ndalama pa tebulo limodzi liganiza njuga, ndipo likamva za afiti ndi zinjoka za m'nthano lingathe kumuletsa mwana. Ndalama zonse zithere pakhomo, pa tebulo pasaoneke ngakhale K50. Mphoto isakhale ndalama, ikhale kope, cholembera kapena seti ya madayisi. Kaonaneni ndi ahedi ndi komiti ya makolo mutanyamula pepala la munthu wa m'nthano, aone kuti ndi kuwerenga, masamu ndi kukambirana, ndipo muwaitane adzakhale nawo. Nthano ya matebulo a alendo ikhale yosavuta kuifotokoza kwa kholo, monga ya gulu lopita kukafunafuna anthu osochera m'phiri.

Komabe aphunzitsi, ndikadakonda musathamangire tsiku lalikulu musanayale maziko. Kampani ya Paizo inayambitsa Pathfinder Society mu 2008, ndipo kampani ya Wizards of the Coast, eni ake a Dungeons & Dragons, inayambitsa Adventurers League mu 2014. Zonsezi ndi dongosolo lakuti wosewera atha kunyamula munthu wake wa m'nthano kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina, mzinda wina ngakhale dziko lina, malinga ali ndi pepala losonyeza nthano zomwe wasewera ndi zomwe wapeza. Makampaniwa amachita izi chifukwa munthu amene amasewera kawirikawiri ndiye amagula mabuku, ndipo misonkhano imapindula chifukwa matebulo ake amadzaza ndi anthu odziwana kale malamulo. Inu mungachite zomwezo ndi kope limodzi la hadikava pa gulu lililonse. Gwirizanani ndi a ku Chitakale ndi a ku Bvumbwe malamulo amodzi, ndipo pakatha masewero wotsogolera alembe tsiku, dzina la nthano, levo (msinkhu wa mphamvu ndi luso) yomwe munthu wa m'nthano wafika ndi katundu yemwe wapeza, nkusainira pa pepala la wosewera. Pogawa matebulo tsatirani mmene a Adventurers League amachitira: a levo 1 mpaka 4 paokha, a 5 mpaka 10 paokha, kuti mlendo asangokhala woonerera pamene akale akumaliza nkhondo yonse.

Muzisewera chotero kamodzi pa mwezi kwa miyezi inayi kapena isanu, aliyense akusonkha K500 ya mapepala, yotsala isungidwe. Mwezi uliwonse wosewera mmodzi ayesere kutsogolera nthano ya maola awiri, inu mutakhala pambali pake. Otsogolera akafika asanu ndi mmodzi, ndipo m'thumba muli ya makalasi awiri aja, pitani mukaonane ndi ahedi za tsiku.