Moto wolusa ndi mapolo a magetsi

FUNSO: Achimwene, mu Okutobala anyamata osaka mbewa anayatsa tchire kwathu kuno, moto n'kunyambita polo ya magetsi mpaka tsinde lake linasanduka makala. Ndinamva kuti ku America makampani a magetsi amakakamizidwa kulemba ndondomeko yopewera moto wolusa. N'zoona? Mlimi wa ku Namwera, Mangochi.

YANKHO: N'zoona bambo, makamaka ku California. Kungoti kumeneko nkhani ndi yotembenuka: mawaya ndiwo amayatsa tchire. Mu Novembala 2018 chitsulo chokalamba chogwira waya wa kampani ya magetsi ya PG&E chinathyoka, moto n'kupsereza tauni ya Paradise. Anthu opitirira 80 anafa.

Lero kampani iliyonse ya magetsi ku California imapereka ndondomeko yake ku ofesi ya boma yotchedwa Office of Energy Infrastructure Safety. Imafotokoza mitengo yomwe idzasadzidwe, mawaya oti akutidwe kapena kukwiriridwa pansi, ndiponso nthawi yomwe idzazimitse magetsi dala mphepo ikakula. Akuluakuluwo akaona kuti ndondomekoyo ndi yoperewera, amaibweza. Gawo limeneli ndimalikonda ine, ngakhale ndalama za ntchitoyo zimathera pa bilu ya wogula.

Kuno bungwe la MERA ndilo limayang'anira ESCOM. Koma moto wanuwo unachokera m'bokosi la machesi, ndiye yambani ndi amfumu. Lambulani udzu kuzungulira polo dzinja likangotha, monga mumachitira pankhokwe. Polo yopsayo musaiyandikire. Auzeni a ESCOM lero lomwe, mwera usanaigwetsere pa mbuzi zanu.