Kokayenda wapansi ndi bambo anu mu Harare wakale

Achemwali, mwati bambo anu akubwera kuchokera ku Dedza, anagwirako ntchito kuno mzindawu ukutchedwabe Salisbury, ndipo akufuna kuuonanso wapansi osati pazenera la galimoto. Langizo langa ndi lakuti posankha njira musaone kufupika. Onani kumene kuli mthunzi, kumene kuli pokhala, ndi kumene makombi (maminibasi) sachuluka. Munthu wachikulire amatopa msanga ndi kuzemba magalimoto kusiyana ndi kutalika kwa mtunda.

Yambirani pa Africa Unity Square. Iwo akupadziwa ndi dzina la Cecil Square, ndipo ndi pomwe azungu a Pioneer Column, gulu loyamba la atsamunda, anakweza mbendera yawo mu September 1890. Pali mitengo ya jakaranda ndi mabenchi, mbali ya hotela ya Meikles kuli ogulitsa maluwa, ndipo kutsidya kuli tchalitchi cha Anglican ndi nyumba ya malamulo yakale. Apa munthu amachepetsa yekha liwiro popanda womuuza. Asiyeni akhale pansi, afotokoze zomwe akukumbuka. Kuchokera apo lowani First Street, mbali imene simudutsa magalimoto, kuti muziyenda mogundizana mapewa mukucheza.

Koma kumene ndikufunitsitsa muwafikitse ndi ku Robert Mugabe Road, yomwe kale inali Manica Road, makamaka mukamalowera cha ku Kopje. Mzinda uno unayamba uli pawiri: amalonda anamanga munsi mwa phiri la Kopje, aboma anamanga ku Causeway, ndipo pakati panali dambo, momwe lero mukudutsa Julius Nyerere Way. Mbali ya amalondayo mukadali nyumba zakale zokhala ndi makonde otambasukira pamwamba pa njira ya oyenda pansi. Dzuwa likaswa mtengo muli mumthunzi, mvula ikakudzidzimutsani muli pousa. Masitolo ake ndi ang'onoang'ono, khomo likatha pabwera lina, moti maso amakhala ndi choona ndipo miyendo siizindikira kuti yayenda mtunda. Yerekezani ndi Samora Machel Avenue: msewu wotakata, nyumba zazitali za maofesi, makomo otalikirana, ndipo pooloka pamafunika changu. Kumeneko aliyense amayenda ngati wachedwa. Zimandipweteka mtima kuti zina mwa nyumba zamakondezi zikungowonongeka osakonzedwa, chonsecho ndi zomwe zinamangidwa moganizira munthu wapansi.

Tsiku labwino ndi Lamulungu m'mawa. Mkati mwa sabata, makamaka nthawi yoweruka, musayerekeze kudutsa nawo kokwerera makombi ku Copacabana kapena ku Market Square. Mavenda amayala katundu m'njira, makombi ndi mushikashika (timagalimoto tonyamula anthu mozemba malamulo) zimaima paliponse, mahwindi (anyamata oitanira) akukuwa, ndipo woyenda pansi amakankhidwira mumsewu. Sindikunyoza ogulitsawo, akusaka chakudya cha ana, koma si malo oyendamo ndi munthu wa ndodo. Muziyang'ananso pansi, chifukwa malo ena simenti inathyoka ndipo maenje ena alibe zivindikiro.

Pamwamba pa Kopje mukwere pa takisi, ndipo mukhale anthu angapo. Kumeneko adzauona mzinda wonse n'kukulozerani okha kumene ankagwira ntchito. Akatopa, kapumuleni ku Harare Gardens kukadali kowala. National Gallery, nyumba yoonetseramo zaluso, ili pomwepo ngati akufuna kukhala m'nyumba pozizirira.

Ngati tsiku lobwera simunapangane, sankhani kumayambiriro kwa October, jakaranda atachita maluwa m'misewu ya ku Avenues, dera loyandikana ndi pakati pa mzinda. Kumakhala kotentha, choncho nyamulani madzi ndi chipewa, ndipo muzikhala mutamaliza isanakwane 11 koloko. Ku Mbare, kumene Amalawi ambiri a msinkhu wawo ankakhala, kupatseni tsiku lakelake, ndipo mupite ndi munthu wodziwa bwino kumeneko.