Kukacheza ku Dar es Salaam n'kuoderatu katundu: mmene geniyi imayendera

Achemwali, mwafunsa kuti poti anzanu a ku Dar es Salaam akuitanani kuti mukacheze sabata imodzi, kodi simungapezerepo mwayi wooda katundu wodzagulitsa kuno, nanga geni yake imayenda bwanji. Zimatheka, ambirife tinayamba choncho. Koma musanakwere basi, ndalama zanu muzigawe pawiri. Mpamba ukhale pawokha, yodyera ndi yoyendera ikhalenso payokha, ndipo ziwirizi zisaonane. Dar ndi mzinda wokoma, ndiye anzanu akakhala okonda alendo, mpamba umathera m'mbale ndi m'mabajaji, tinjinga tamoto ta matayala atatu tonyamula anthu, inu mukuseka.

Njira yake ndi ya kumpoto: Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga, mpaka pachipata cha Songwe. Mukaoloka mlatho mwafika pa Kasumulu, kwa Ataifa. Mmalawi wopita kukacheza safuna viza, pasipoti yokwanira, koma khadi lachikasu la katemera mulitengeretu chifukwa nthawi zina amalifunsa. Majumbo apulasitiki asiyeni kunyumba, Tanzania inawaletsa mu 2019. Kuchoka pamenepo ndi makilomita pafupifupi 900, kudzera Tukuyu, Uyole, Iringa, mapiri a Kitonga, Morogoro ndi Chalinze. Pemphani mpando wa pawindo. Msewu umadula pakati penipeni pa nkhalango ya Mikumi, ndipo mukadutsa kukuwala mumaona mbidzi, akadyamsonga, mwina njovu, osalipira kalikonse. Wotchi muipititse patsogolo ndi ola limodzi. Chinanso, anzathuwa amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Pogula tikiti auzeni akulembereni nthawi papepala, anthu basi zimawasiya chifukwa cha chomwechi.

Chimene chikupweteka geni masiku ano si mtunda, ndi ndalama yakunja. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa shilingi umene mungamve lero si umene mukaupeze pa boda. Ndiye phindu musawerengere mtengo wa mwezi watha umene wina anakuuzani. Ku Tanzania malamulo a 2025 amati zogula zonse m'dzikomo zilipiridwe mu shilingi, choncho ngati muli ndi madola mukasinthe m'malo ovomerezeka n'kusunga risiti. Anyamata osintha ndalama pa boda alipo ambiri, ena achilungamo, ena amawerenga mwachangu moti manja awo maso sangawatsate. Ndalama yanu isachoke m'manja mwanu musanawerenge yawo nokha, kawiri.

Tsopano Kariakoo, kumene kuli nkhani yonse. Anthu amaganiza kuti ndi msika umodzi ngati wa Lizulu kapena wa Limbe. Ayi. Nyumba ya msika ilipo, ija inapsa mu July 2021, koma geni yathu ili m'misewu yozungulira, m'nyumba zosanjikizana zimene pansi pali mashopu, m'mwamba ndi kunsi kwa nthaka muli mosungira katundu. Msewu uliwonse uli ndi zake. Zovala zimachuluka mu Congo, zitenje ndi khanga mu Uhuru, mafoni ndi zamagetsi cha ku Aggrey. Mu Msimbazi ndi momwe muli likulu la timu ya mpira ya Simba, imene imavala zofiira, ndiye ngati anzanuwo ndi a Yanga, timu yolimbirana nayo, mukamadutsa musayamikire zofiira.

Tsiku loyamba musagule kanthu. Ndikudziwa kuti mtima udzakhala ukudumpha, koma yendani chabe ndi kope, kufunsa mitengo, kulemba nambala ya shopu ndi msewu wake. Chinthu chomwecho chimakhala ndi mitengo itatu: wa munthu wogula chimodzi, wa wooda dazeni, ndi wa mlendo amene waonekeratu kuti ndi mlendo. Mukangotsika basi akuzingani anyamata otchedwa mawinga, madobadoba a kumeneko. Alibe shopu, amakutengerani kwa mwini katundu n'kuikapo yawo pamwamba. Sindikuti ndi akuba, ena amathandizadi kupeza chinthu chosowa, koma dziwani kuti thukuta lawo mukulipira ndinu. Apa ndi pamene anzanu ali ndi ntchito yaikulu kuposa kukuphikirani. Iwo afunse mtengo m'Chiswahili inu muli chete pambali, mtengo ukatuluka ndiye muyambe kunenerera.

Pa zitenje gwirani nsalu, musakhulupirire dzina lodindidwa m'mphepete. Pisi imodzi imakhala mayadi 6, imene kuno timadula zitenje zitatu, koma zina zimakhala zolimba ndi sitachi yekha, zikangochapidwa zimasanduka kansalu kosefera. Tikitani pakona ndi chala chonyowa muone ngati utoto ukutsalira. Khanga amagulitsa ziwiriziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mawu m'munsi. Anzanu akuwerengereni musanaode, chifukwa ena ndi madalitso, ena ndi zining'a zonyoza mkazi mnzako, ndipo ku Karonga ndi ku Mzuzu odziwa Chiswahili ndi ambiri. Nsapato amaoda pa dazeni masaizi osakaniza. Tsegulitsani katoni pamaso panu, muone kuti phazi lamanja lili ndi lamanzere lake, ndiponso kuti sanakudzazireni masaizi ang'onoang'ono osayenda malonda. Katoni imene mwaiona ndi imene imangidwe, osalola zoti "tikakutengerani ina kusitolo".

Nanga muode chiyani? Chimene anthu anu akufuna, osati chimene chakusangalatsani. Musananyamuke yendani mumsika wa kwanu, kaya ndi Taifa ku Mzuzu kaya Tsoka ku Lilongwe, mulembe mitengo imene anzanu akugulitsira. Paulendo woyamba tengani mitundu iwiri basi, yopepuka ndi yosasweka. Zoumba ndi magalasi zisiyireni amene anazolowera kulira.

Kuoda kuthe masiku atatu oyamba, pakati pa sabata. Lamulungu mashopu ambiri amakhala otseka, ndipo Lachisanu masana eni ake ambiri amapita ku mzikiti. Katundu akamangidwa, mumpereke kwa onyamula katundu wa ku Malawi amene ali ndi maofesi konko ku Kariakoo. Sankhani amene anzanu a geni anamuyesapo, lembani dzina ndi nambala yanu mbali zonse za mtolo, jambulani, tengani risiti, ndipo mugwirizane poyera ngati mtengo wake ukuphatikiza msonkho kapena ayi. Mawu a pakamwa pa nkhani imeneyi amathera pa Songwe.

Katundu akachoka m'manja, chezani ndi mtima umodzi, poti chotsala m'chikwama ndi chodyera basi. Masana idyani kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu, amene amawatcha mama ntilie: mpunga wothira nkoko (kokonati), nyemba, nsomba, pamtengo woti simudandaula. Chipsi mayai ndi tchipisi cha pachiwaya chomwechi koma chokazingira pamodzi ndi mazira, ndipo chimakhalitsa m'mimba. Madzulo kuli mishkaki, kanyenya wa patimitengo. Lachisanu funani biriyani. Ku Dar kumatentha ndipo kuli chinyezi chambiri, ndiye madzi a nkoko wauwisi ndi a nzimbe adzakhala abale anu. Ngati okusungani ndi Asilamu, za nkhumba ndi mowa musazitchule m'nyumba mwawo.

Zokaona zambiri n'zotchipa. Kwerani basi ya mwendokasi, ija ili ndi msewu wakewake, mukatsike ku Kivukoni m'mamawa muone msika wa nsomba. Ife a kunyanja timadzitama ndi kampango, koma kumeneko kuli nsomba zoti amuna awiri anyamulizane. Pomwepo pali pantoni yoolotsa anthu kupita ku Kigamboni, mphindi zochepa chabe, ndipo mzinda wonse umaoneka bwino uli pamadzi. Loweruka madzulo anthu amakhamukira ku Coco Beach kukadya chinangwa chokazinga. Ku Mwenge kuli osema ziboliboli, ku Makumbusho anamanga nyumba za makolo za mitundu yosiyanasiyana. Ku Mlimani City, chinyumba chachikulu cha mashopu, pitani mukaone mmene atsikana a mumzinda akuvalira, poti zimene zili m'fasho kumeneko sizichedwa kufika kuno, koma musaodeko kanthu. Mukakhala ndi tsiku lapadera, Bagamoyo ili pafupi, kumene mtembo wa David Livingstone unafikira mu 1874 pa ulendo wopita kwawo. Zanzibar ndi maola awiri pa boti, koma mlendo amalipira tikiti yokwera mtengo, ndipo kuyambira October 2024 amafunanso inshulansi. Kwa ine ulendo umenewo ndi wa phindu lachiwiri kapena lachitatu, osati wa mpamba wa banki m'khonde.

Za okusunganiwo, kumbukirani kuti mlendo ndi mame. Apititsireni Nali, Sobo ndi tiyi wa kwathu, tsiku lina mugule ndiwo ndinu, ndipo chipinda chawo chochezera musachisandutse sitolo. Zakumunda zambirimbiri musanyamule. Mu April 2025 maiko awiriwa anatsekerana zokolola kwa masiku angapo, ndipo amene anali ndi katundu wotere pa boda anaona zakuda.

Pobwerera, pa Songwe mukakumana ndi a MRA. Katundu wogulitsa ndi wogulitsa, musamutche mphatso, chifukwa palibe munthu amene ali ndi azakhali ovala nsapato madazeni asanu. Onetsani malisiti enieni. Akaona kuti mtengo mwauchepetsa amaika wawo. Mwina munamva za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono imene anzathu amagwiritsa ntchito pa Mchinji. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, ndiye musaidalire. Ngakhale kuchotsera kwa SADC kumakhudza katundu wopangidwa m'chigawo chino wokhala ndi chikalata chake, pamene zambiri za ku Kariakoo n'zochokera ku China. Adzabwera ena n'kukuuzani kuti akuolotserani pamtsinje usiku. Akakugwirani katundu amalandidwa, chindapusa pamwamba, ndipo wokuolotsaniyo simudzamuonanso.

Mukafika, musanaike mtengo pa chinthu chilichonse, phatikizani zonse: yoodera, yotayika posintha ndalama, thiransipoti yanu ndi ya katundu, onyamula, msonkho. Za ku Coco Beach ndi biriyani musaziikemo, zimenezo munadya nokha. Mtengo wogulitsira uzitha kukugulirani katundu yemweyo pa shilingi ya mwezi wamawa. Ndipo a kuntchito ndi a kutchalitchi akayamba zoti "ndipatseni ndidzalipira pakutha pa mwezi", atenge atapereka theka, dzina lawo lili m'kope.