Turbine yamphepo yaikulu yochokera kunja: onani kaye jenereta yake

Achimwene, mukuti mwapeza turbine yamphepo yakale yochokera kunja, zikuluzikulu zija za ma 50 kW kupita mmwamba, ndiye mukufuna kuisintha kuti izichaja mabatire pakhomo. Musanatumize ndalama mufunseni kaye wogulitsayo kuti jenereta yake ndi yamtundu wanji, nkhani yonse yagona pamenepo.

Ma turbine akale ambiri a ku Denmark, monga Vestas V15 ya 55 kW ija, ali ndi induction generator. Imeneyi payokha siyitulutsa magetsi, imadalira gridi, mawaya a kampani ya magetsi aja, kuti mkati mwake mukhale maginito, ndiye mukaiyika poti palibe gridi mapiko azingozungulira koma mu waya mulibe kanthu. Ena amaika ma capacitor, zimayaka ndithu koma voteji yake imangokwera ndi kutsika malinga ndi mphepo, firiji simungailumikize pamenepo mtima uli m'malo. Komanso imatulutsa three phase ya ma volts mazanamazana, osati 48 ya mabatire anuwo. Kuti itheke ndekuti muchotse jeneretayo muike ya permanent magnet, yokhala ndi maginito akeake, mugule rectifier yosintha magetsiwo kukhala olowa m'mabatire ndi controller yolingana nayo, pomwe gearbox ija anaipangira liwiro la jenereta yakaleyo, ndiye muona kuti mwagula chitsulo ndi mapiko basi, zina zonse mukuyambiranso.

China chomwe anthu amaiwala ndi dump load, kotayira magetsi otsala mabatire akadzadza. Solar mabatire akadzadza controller imangodula, palibe vuto. Turbine ayi, ikasowa chokoka magetsi ake mphepo ikuomba imathamanga mopanda malire mpaka mapiko kuthyoka kuuluka, ndipo phiko la mamita 7 likauluka silisankha pogwera. Magetsi otsalawo amayenera apite ku ma heater element, ndipo pa 55 kW tikukamba ngati ma ketulo opitilira 20 akuwira nthawi imodzi. Mabuleki ake nawonso akhale ogwira bwino, osati aja ongoti adzakonzedwa.

Nanga mphepo munayeza? Ma kW olembedwa pa pleti ya turbine amafikika mphepo ikamaomba mwamphamvu, mamita 12 pa sekondi (m/s) kapena kuposa, zomwe sizichitika tsiku lililonse. Mphepo ikatsika ndi theka, mphamvu siyitsika ndi theka, pa magawo 8 limatsala limodzi. Kamphepo kamene mumakamva pakhonde si umboni, ikani anemometer, choyezera liwiro la mphepo, pa msinkhu womwe turbine idzakhale muyeze chaka chathunthu, avereji ikakhala pansi pa 5 m/s ine ndingati zisiyeni. Tower ikhale yoti mapiko apitilire mitengo ndi nyumba zonse zapafupi ndi mamita 9, padenga musayerekeze, kunjenjemera kwake kumang'amba khoma. Maziko a konkire awerengedwe ndi injiniya, kuimika pamafunika crane, earthing ya mphenzi isaiwalike, ndipo ngati mukufuna kulumikiza ku gridi kampani ya magetsi ivomereze kaye, apo ayi mutha kupha amene akukonza mawaya magetsi atazima.

Pakhomo pamodzi ine ndingatenge yaing'ono ya 1 mpaka 5 kW yobwera kale ndi permanent magnet, ndikuphatikiza ndi solar. Koma ngati mtima uli pa yaikuluyo, jambulani pleti ya jenereta ndi ya gearbox muponye muno tione ma volts, ma rpm komanso ngati ndi 50 kapena 60 Hz.